Nkhope ikapweteka zaka ziwiri: yankho kwa amayi a ku Kapata

Ndalandira imelo kuchokera kwa amayi ena amene amagulitsa nyemba, mtedza ndi chimanga pamsika wa Kapata kuno ku Chipata. Mwa zina alemba kuti: "Chino n'chaka chachiwiri nkhope ikundipweteka. Masaya amalemera, pamphumi pamathina, mphuno imatsekeka usiku wonse. Kukiliniki anati ndi sayinasi. Amoxicillin ndamwa kambirimbiri, mankhwala odontheza m'mphuno sindigona popanda iwo, Panado ndiye tsiku ndi tsiku. Masiku ena mutu umagunda mbali imodzi mpaka kusanza. Apongozi akuti nditemere mphini, ndipo pakhomo ayamba kuona ngati ndi ulesi. Kodi matendawa amatha?"

Amayi, pepani kwambiri. Ululu wa kunkhope umasautsa kawiri, chifukwa palibe chilonda choti muonetse anthu. Wothyoka mwendo aliyense amamumvera chisoni, koma inu mumadzuka m'mawa nkhope ili bwinobwino pamene mkati mukuyaka moto. Si ulesi ayi. Munthu amene sanagone tulo tokwanira kwa miyezi amafooka ndithu, ndipo mtima umakhala pafupi.

M'kalata yanuyi ndikuona zinthu zingapo zimene zaunjikidwa pansi pa dzina limodzi loti sayinasi, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake simukupeza bwino. Chilichonse chili ndi mankhwala akeake.

M'mafupa a nkhope muli timphako ta mpweya, mbali iliyonse mitundu inayi: m'masaya, pamphumi, pakati pa maso, ndi tina mkati kwenikweni kuseri kwa mphuno. Timphakoti ndi timene timatchedwa masayinasi. Tsiku lililonse timatulutsa mamina opyapyala, ndipo tiubweya tosaoneka ndi maso timawakankhira ku tizibowo ting'onoting'ono totulukira m'mphuno. Kamphako ka m'tsaya kali ndi vuto lakelake, bowo lake lili chakumtunda, choncho mamina amachita kukwezedwa kuti atuluke. M'mphuno mukatupa, tizibowoti timatsekeka. Zimakhala ngati ngalande za m'tauni mu Januwale: madzi amasefukira chifukwa potulukira patsekeka. Madokotala amati sayinasi ndi yokhalitsa zizindikiro zikapitirira masabata 12, ndipo amayang'ana mphuno yotsekeka, mamina otuluka kutsogolo kapena otsikira kukhosi, kulemera kwa nkhope, ndi kusamva fungo. Ngati nkhope yokha ikupweteka koma mphuno ili bwino ndipo fungo la ndiwo mukulimva, kawirikawiri vuto silikhala sayinasi.

Pa sayinasi yokhalitsa, gwero lenileni nthawi zambiri ndi kutupa kwa mkati, kobwera ndi fumbi, utsi, thupi kudana ndi mungu kapena nkhungu, tinthu tofewa tomera m'mphuno, kapena khoma la pakati pa mphuno lopindika. Amoxicillin amapha mabakiteriya, sachotsa kutupa kotere. Mukamwa n'kupezako bwino masiku angapo, nthawi zambiri kumakhala kuti chimfine chimene chinabwera pamwamba chatha chokha. Mamina achikasu kapena obiriwira pawokha si umboni woti pakufunika makapisozi. Zimandiwawa ndikaona anthu akugula makapisozi anayi kapena asanu pakantemba, chifukwa ndalama ikupita, m'mimba mukusokonezeka, ndipo tizilombo tikuzolowera mankhwalawo. Tsiku limene mudzawafunedi pa chibayo angadzakhale opanda mphamvu.

Tsopano mankhwala odontheza aja. Yang'anani pabotolo. Mukaona mawu oti xylometazoline kapena oxymetazoline, dziwani kuti anapangidwira masiku ochepa, osapitirira sabata imodzi. Amafinya mitsempha ya magazi m'mphuno, mphuno n'kutseguka m'mphindi zochepa, koma mphamvu yake ikatha mitsempha imatupa kuposa poyamba. Munthu amadonthezanso, ndipo pakapita miyezi mphuno imakhala ikutsekeka chifukwa cha mankhwala omwewo. Mawu anu oti simugona popanda iwo ndi amene andichititsa kukayikira zimenezi. Kusiya n'kovuta sabata yoyamba kapena ziwiri. Ena amayamba kusiya mphuno imodzi, inayo n'kumapumira, kenako n'kusiyanso yachiwiri.

Panado nayenso ali ndi msampha wofanana. Kumwa Panado kapena Brufen masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, kwa miyezi yoposa 3, kungayambitse mutu wa tsiku ndi tsiku. Mapiritsi osakaniza ndi codeine kapena caffeine amachita zimenezi pa masiku 10 okha pamwezi. Brufen ndi diclofenac akachuluka amapwetekanso m'mimba ndi impso, ndipo si abwino kwa a BP kapena oyembekezera.

Koma pamene ndaima nthawi yaitali ndi pa mutu wogunda mbali imodzi mpaka kusanza. Sayinasi sisanzitsa kawirikawiri. Zimenezo zikufanana kwambiri ndi mutu waching'alang'ala, makamaka ngati nthawi imeneyo kuwala ndi phokoso zimakunyansani, mumafuna kugona m'chipinda cha mdima, ndipo ululu umakula mukamayenda. Anthu ambiri amene amadziona ngati ali ndi mutu wa sayinasi, akaunikidwa bwino amapezeka kuti ndi ching'alang'ala. Chimasokoneza n'chakuti mtsempha waukulu umene umamva ululu wa m'mutu ndi womwewo umene umafika m'masaya, m'maso ndi m'mphuno. Choncho ching'alang'ala chingatulutse misozi, kutseka mphuno, ndi kupweteka patsaya penipeni. Kwa amayi ambiri chimabwera nthawi ya kumwezi. Chimabweranso munthu akadumpha chakudya, akakhala padzuwa osamwa madzi, kapena akasowa tulo, ndipo moyo wa pamsika m'mwezi wa Okutobala uli ndi zonsezi. Alipo mankhwala otchipa ochepetsa kubwerabwera kwake, monga amitriptyline womwa usiku kapena propranolol, koma ayenera kulembedwa ndi a kuchipatala. Propranolol sapatsidwa kwa amene ali ndi mphumu.

Onetsaninso mano. Mizu ya mano akumbuyo a m'mwamba imafika pafupi kwambiri ndi kamphako ka m'tsaya, ndipo dzino lobooka lingadzaze mafinya m'menemo, mbali imodzi, ndi fungo loipa lomveka m'mphuno. Wotereyu amachira dzino likathandizidwa. Palinso amene amakukuta mano kutulo n'kudzuka nsagwada zitauma, ululu uli kutsogolo kwa khutu. Ndipo pali ululu wina wa mtsempha umene odwala amati ndi shoko ya magetsi, wa masekondi ochepa, wobwera potsuka mano, potafuna kapena mphepo ikawomba patsaya. Umenewo samvera Panado, amaupatsa carbamazepine. Amene akumwa ma ARV kapena ali pa njira yolera ya mapiritsi kapena ya pamkono anene asanalandire mankhwalawa, chifukwa amachepetsa mphamvu ya zimenezo.

Chimene mungayambe lero pakhomo, ndipo ndimachikhulupirira kwambiri, ndi kutsuka m'mphuno ndi madzi a mchere. Anthu amachipeputsa chifukwa n'chotchipa. Wiritsani madzi abwate kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda pang'ono. Pa theka la lita, thirani supuni ya tiyi imodzi ya mchere, yosadzaza mulu, ndi theka la supuni ya soda uja wa m'sitolo amene timaphikira therere. Chidulo ayi, chimawotcha. Gulani sirinji yaikulu ya 20 ml ku famase, yopanda singano. Weramani pa beseni, yasamulani pakamwa, pendeketsani mutu, n'kupopera madziwo pang'onopang'ono m'mphuno ya pamwamba. Amatulukira mphuno inayo kapena m'kamwa, mulavule. Bwerezani kangapo mbali zonse, kenako minani mosakakamiza. Chitani m'mawa, ndiponso madzulo mukaweruka kumsika. Madzi akhale atsopano tsiku lililonse, sirinji muziitsuka n'kuiumitsa, ndipo musabwerekane ndi wina.

Pa madzi owiritsa ndikutsindika. Madzi a pachitsime, a mumtsinje, ngakhale a pampope, akhoza kukhala abwino kumwa koma osayenera kulowa m'mphuno, chifukwa mukhoza kukhala kachilombo kena kosowa kamene kakalowera m'mphuno kamafika ku ubongo, ndipo kamapha. Kuwiritsa kumathetsa nkhawa imeneyo.

Masiku oyamba zimatsamwitsa ndipo ena amasiya pomwepo. Limbikirani mwezi wathunthu musanaweruze. Kafukufuku wa ku England amene anasindikizidwa mu 2016 anayerekeza kutsuka m'mphuno ndi kupuma nthunzi mwa anthu a sayinasi yobwerabwera. Kutsuka kunathandiza, pamene nthunzi sinasinthe zambiri kupatula kupepukitsa mutu pang'ono. Ndikudziwa kuti kuyambira nthawi ya Covid ambiri tinazolowera kudzifunditsa bulangeti pa poto wa masamba a bulugama. Ngati zimakupepukitsani chitani mosamala, ana ali kutali, chifukwa madzi owira apsereza anthu ambiri. Kansalu koviika m'madzi ofunda n'kuika pamasaya kamatonthoza popanda ngozi imeneyo.

Mankhwala enieni a kutupa kwa m'mphuno ndi opopera a mtundu wa steroid, monga beclomethasone, fluticasone kapena mometasone. Awa ndi osiyana ndi odontheza aja. Satsegula mphuno pompopompo, amayamba kuoneka ntchito pakapita masabata, ndipo ambiri amawataya atangoyesa masiku atatu. Yambani mwatsuka ndi madzi a mchere, weramitsani mutu pang'ono, gwirani botolo ndi dzanja lamanja popopera mphuno yakumanzere, kukamwa kwa botolo kuloze chakukhutu osati khoma la pakati, chifukwa pamenepo ndi pamene pamatuluka magazi. Musakokere mwamphamvu, mankhwala angangotsikira kukhosi. Amene ali pa ma ARV okhala ndi ritonavir auze adokotala, chifukwa fluticasone sagwirizana nawo. Ngati mumayetsemula kwambiri ndipo maso amayabwa, cetirizine kapena loratadine amathandiza popanda kugonetsa ngati Piriton.

Ntchito yanu simungaisiye, ndipo sindingakuuzeni zoti muthawe fumbi ku Chipata kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, pamene mphepo ikuulutsa dothi ndipo tchire likupsa m'mapiri. Amene anapitako ku Kulamba ku Mkaika amadziwa mmene mphuno imakhalira pobwerera. Koma pali nthawi zina zimene fumbi limachuluka mwadzaoneni: popeta nyemba, pokhuthula thumba la chimanga chothira Actellic, podikira kuchigayo, posesa. Pamenepo valani masiki, imani kumene mphepo ikuchokera, ndipo wazani madzi musanasese. Mbaula iyakire panja mpaka malasha agwire bwino, ndipo isagone m'nyumba yotseka ngakhale kuzizire bwanji mu Juni ndi Julaye. Mpweya wake sununkha, umapweteketsa mutu, ndipo umapha anthu kutulo. Utsi wa koyilo ya udzudzu nawo umatupitsa m'mphuno, neti ndi yabwino. Fodya wa m'mphuno, nsunko, ena amati amatsegula mphuno chifukwa amayetsemulitsa, koma amawononga tiubweya tija. Mabulangeti ndi mapilo aziona dzuwa kawirikawiri, ndipo pogona mutu ukhale pokwererako.

Za mphini, apongozi anu akunena chifukwa akukuonani mukuvutika, ndipo muwathokoze. Koma mphini imathera pakhungu, pamene vuto lili mkati mwa fupa kapena mu mtsempha. Lumo logwiritsidwa pa anthu angapo lingakupatseni HIV kapena matenda a chiwindi. Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi kusalola kudonthezedwa madzi a zitsamba, adyo kapena mafuta m'mphuno.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche: diso kutupa kapena kutuluka, kuona zinthu ziwiriziwiri, kusaona bwino, pamphumi kutupa, kutentha thupi kwambiri pamodzi ndi khosi louma, kusokonezeka maganizo, kapena mutu woopsa wobwera mwadzidzidzi. Zikatero pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Mphuno imodzi yokha ikamatsekeka n'kumatuluka magazi, tsaya litachita dzanzi, mano akugwedera kapena pakhosi patatuluka chotupa, pamafunika kuunikidwa msanga. A shuga ndi amene chitetezo chawo chatsika asazengereze konse.

Kodi amatha? Zochokera ku dzino, ku mankhwala odontheza, kapena ku Panado wochuluka zimatha ndithu. Ching'alang'ala ndi mphuno yodana ndi fumbi sizichokeratu, koma zimagonja mpaka munthu n'kumagona bwino ndi kugwira ntchito yake. Opaleshoni imakhalapo kwa amene ali ndi tinthu tomera m'mphuno kapena khoma lopindika, mankhwala akalephera, ndipo ngakhale pambuyo pake kutsuka ndi kupopera kumapitirira.

Musanabwerere kukiliniki, tengani kope mulembe kwa mwezi umodzi: tsiku limene mwadwala, mbali yake, maola angati, ngati munasanza, ngati mphuno inatsekeka, ngati munali kumwezi, ndi mapiritsi angati amene munamwa. Tengani mabotolo ndi mapaketi onse m'kapepala, a pakantemba omwe, osachita manyazi. Nenani poyera kuti papita zaka ziwiri ndipo amoxicillin sakuthandiza, mupemphe kalata yopitira ku Chipata Central Hospital. Owerenga a ku Katete ali ndi St Francis, a chakumalire ali ndi Mwami. X-ray wamba saonetsa bwino masayinasi, chimene chimaonetsa ndi CT scan, makina ojambula mkati mwa thupi mwatsatanetsatane, kapena kakamera kolowetsa m'mphuno. Madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi ndi ochepa m'Zambia ndipo ambiri ali ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550 pa Great East Road, choncho musakwere basi yopita ku UTH, chipatala chachikulu cha kumeneko, popanda kalata ndi tsiku lopatsidwa. Ngati muli pa NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, funsani zimene angakulipirireni musanatulutse ndalama ya mpamba. Ndipo tsiku lokaonana ndi adokotala mupite ndi abambo a kunyumba kapena apongozi anu omwewo, alowe nawo m'chipinda, akamve okha zimene zikuchitika m'nkhope mwanu.