C63 kapena M3 pa msewu wa Great East? Yankho langa kwa achimwene a ku Katete

Sabata yatha ndalandila imelo yochokela kwa achimwene ena a ku Katete, dzina sinditchula poti sanandipatse chilolezo. Iwowa amagula ndi kugulitsa soya ndi nshawa, ali ndi Hilux yogwilila ntchito, ndiye alemba kuti: "Chaka chino zinthu zayendako bwino, ndifuna ndidzithokoze. Ndaona Mercedes-Benz C63 AMG ya 2010 ndi BMW M3 ya zitseko zinayi ya 2011, zonse za ku Japan, mitengo sikusiyana kwenikweni. Anzanga akuti ndisiye zonsezo ndigule Range Rover Sport. Mukanakhala inu mukanatenga iti?" Alembanso kuti galimotoyo idzakhala ya maulendo a Katete, Chipata ndi Lusaka, katundu m'buti ndi amayi pambali.

Achimwene zikomo kwambili, funso lanu landigoneka mochedwa masiku awili chifukwa magalimoto awili mwatchulawa ndimawakonda onse ndi mtima wonse. C63 ndili nayo chaka chachitatu tsopano, M3 ndi ya mnzanga wa ku Lusaka amene timasinthana makiyi akabwela kuno ku Nc'wala. Ndiye ndikuyankheni mosazungulila, tengani C63, koma Hilux ija musagulitse ayi, ngakhale wina akunyengeleleni bwanji.

Chifukwa chake chili mu injini. C63 ya zaka zimenezo ili ndi V8 ya malita 6.2 yopanda turbo, imatulutsa mahatchi 457 ndi torque (mphamvu yokoka) 600 Nm. M3 nayo ndi V8 yopanda turbo koma ya malita 4.0, mahatchi 420, torque 400 Nm chabe. Pa pepala mahatchi akuyandikana koma mukakhala pa chiwongolelo ndi nyama ziwili zosiyana. Mphamvu ya M3 inabisala kumwamba, imafika pachimake singano ya ma rev ikakwela mpaka 8,300, ndiye kuti muisangalale muyenela kuikwiyitsa, kutsitsa magiya, kuilola ikuwe. C63 siifuna kupemphedwa. Muli pa giya yapamwamba kumbuyo kwa thilaki ya feteleza pakati pa Sinda ndi Katete, mwaona mpata, mwangoponda pang'ono basi thilaki ili pa galasi lakumbuyo. Pa msewu wathu uwu wa mbali imodzi kupita mbali imodzi kubwela, umene ntchito yaikulu ndi kudutsa mathilaki ndi mabasi, chinthu chofunika ndi kukhala nthawi yochepa ku mbali ya anthu obwela kutsogolo, ndipo apa C63 ilibe mnzake. Musaiwalenso kuti Chipata ili pamtunda wopitilila mamita 1,000, mpweya ndi wopepukilako, injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake. Wa malita 6.2 akataya gawo limenelo simumva kwenikweni, wa 4.0 mumamva ndithu pansi pansi apa singano isanakwele.

Ndiye pali kulila kwake. Ine m'mawa uliwonse ndikaliza injini ikadali yozizila ndimayamba ndatsitsa galasi kuti ndimve, imayamba ndi kubangula kumodzi kenako nkukhazikika kumagunda pansi pansi ngati ng'oma ya gule ili kutali kudambwe. Tsiku lina pa car wash kufupi ndi msika wa Kapata ndinatsegula boneti, mnyamata wotsuka anasiya ndowa pansi nkuyamba kupukuta kachitsulo kali pamwamba pa injini ndi chala chake, akuyesa kuwelenga siginecha ili pamenepo. Ndinamuuza kuti limenelo ndi dzina la munthu mmodzi amene anamanga injini yonseyi ndi manja ake ku Affalterbach ku Germany, ndiwo mwambo wa AMG, nthambi ya Mercedes yopanga magalimoto aliwilo, munthu mmodzi injini imodzi. Kampaniyo anaiyambitsa anthu awili mu 1967, Hans Werner Aufrecht ndi Erhard Melcher. Mnyamata uja anakhala chete kanthawi kenako akuti "ndiye ikafa mumamuimbila foni iyeyu?" Funso limenelo ndi lanzelu kuposa mmene iye amaganizila, ndibwelelanso.

Koma ndisainamizile M3. Pa makona a Manenekela paja, kutsika ndi kukwela kufupi ndi Luangwa Bridge, M3 ndi galimoto yabwino kuposa yanga, ndikuvomela poyela. Chiwongolelo chake chimakuuzani chilichonse chimene tayala likuponda, mphuno imalowa pa kona mosakakamiza pomwe C63 mumamva kulemela kwa injini kutsogolo. Imapezekanso ya manual ya magiya 6 kapena DCT (giyabokosi ya makilachi awili yosintha yokha) ya magiya 7, pamene C63 ndi automatic basi. Mukanandiuza kuti mumakonda kuyendetsa chifukwa cha kuyendetsa komweko, kudzuka 5 koloko Lamulungu popanda kopita, ndikanati M3. Koma mwalemba za maulendo a Katete, Chipata, Lusaka ndi katundu m'buti ndi amayi pambali.

Tsopano matenda ake, poti iliyonse ili ndi ake ndipo eni magalimotowa dziko lonse amawadziwa. Injini ya M3, imene amaitcha S65, imadya ma rod bearing, tizitsulo topyapyala timene timakhala pakati pa crankshaft ndi ma conrod. Tikatha osasinthidwa injini yonse imapita, ndiye ambili amasinthilatu asanamve phokoso lililonse. Ilinso ndi ma throttle actuator awili, timamota totsegula mpweya wolowa mu injini, amene magiya ake apulasitiki m'kati amatha, galimoto nkulowa limp mode (kompyuta kuichepetsela mphamvu), ndipo oilo yake ndi 10W-60, osati iliyonse ya pa shelefu. Injini ya C63, M156, vuto lodziwika ndi mabawuti a cylinder head pa injini zoyambilila, amachita dzimbili mutu nkuduka, madzi nkulowa mu silinda. A Mercedes anawasintha mabawutiwo cha m'ma 2010 uko, ndiye yanu ya 2010 ili pamalile penipeni, funsani nambala ya injini musanatumize ngakhale ngwee imodzi. Funsaninso vidiyo yoliza injini itagona usiku wonse, mukamva kugogoda kwa te-te-te kumwamba kosaleka ndiye kuti ma camshaft ndi ma lifter ayamba kudyeka. Mukapeza C63 ya 2011 kupita kutsogolo, ija anaisintha nkhope ndi giyabokosi, onjezelani ndalama mutenge imeneyo.

Chimene chidzakuliliseni msanga si injini koma matayala. Ndinabwela nayo yanga ili pa ma rim a 19, matayala akumbuyo a saizi 255/30, kutanthauza kuti mphila yoteteza rim siifika ndi masentimita 8 omwe. Hilux yanu pa 265/65 ili ndi masentimita 17. Tsiku lina mwezi wa Febuluwale ndikuchokela ku Lusaka madzulo, mvula itangokata, ndinaponda dzenje lodzala madzi ndisanafike ku Nyimba, silinali lalikulu ayi, Hilux ikanangoti gu nkupitilila. Ine ndinamva ngati wina wamenya nyundo pansi pa mpando. Kutsika, tayala lang'ambika m'mbali kotalika ngati chikhatho, rim yapindika, m'buti mulibe sipeya koma kabotolo ka guluu ndi kapampu, zimene sizithandiza kanthu tayala likang'ambika m'mbali. Ndinakhala pamenepo mpaka usiku, amayi ena ogulitsa nthochi anandibweletsela mpando ndi madzi akumwa, Mulungu awadalitse, ndipo tayala la saizi imeneyo linachita kuchokela ku Lusaka pa basi patapita masiku awili. Kuyambila pamenepo ndinatsika pa 18 ndipo ndimayenda ndi tayala lathunthu m'buti ngakhale limadya malo. M3 nayo imabwela yopanda sipeya, koma pa 18 ili ndi 245/40 kutsogolo ndi 265/40 kumbuyo, mphila yokhuthalako, apa yawina.

Mahampu ndiye musachite kufunsa. Petauke, Sinda, Katete, polowa mu Chipata, paliponse mudzaphunzila kukwela chammbali tayala limodzi limodzi uku minibasi ikuliza hutala kumbuyo kwanu. Msewu wafumbi wopita kumunda kapena kumudzi nthawi ya dzinja iwalani, ndi ntchito ya Hilux imeneyo.

Za Range Rover Sport anzanu sakunama kwenikweni. Ya V8 ya malita 5.0 supercharged imathamanga modabwitsa, imakwela ndi kutsika pa air suspension, mahampu siiwaona nkomwe ndipo ku Kulamba ku Mkaika mudzafika mwaulemu wake. Koma ndi galimoto yolemela kupitilila matani awili, ndipo ma air bag a suspension ndi kompulesa yake zikakalamba zimafuna ndalama, fumbi lathuli silizichitila chifundo. Komanso ikuchita ntchito imene Hilux ikuchita kale, kungoti mwaufumu. Inu mwati mufuna kudzithokoza, ndipo mmene mwalembela za ma V8 awili aja ndaona kumene mtima wanu uli. Pali ina imene simunaitchule, Lexus IS F, V8 ya malita 5.0 imene Toyota anapanga mothandizana ndi Yamaha, mahatchi opitilila 400, magiya 8, ku Japan imapezeka. Siilila mokoma ngati AMG kwa ine, koma ngati mufuna tulo tabwino iyang'aneni kaye.

Ndibwelele ku funso la mnyamata wa pa car wash lija, ikafa mumaimbila ndani. Musanagule galimoto pezani kaye makanika. Kuno tili ndi amisili aluso kwambili pa Toyota ndi Isuzu, koma izi zimafuna kompyuta yowelenga ma fault ndi munthu amene anatsegulapo injini zotele, ndipo nthawi zambili munthuyo ali ku Lusaka, makilomita pafupifupi 570, kapena muoloke pa Mwami kupita ku Lilongwe kumene kuli pafupi. Ine galaja ina inandithilila oilo yosayenela chifukwa ndi imene inalipo tsiku limenelo, mwamwayi ndinaona chigubu chake pansi tisanalize injini, tinaikhetsa yonse. Lelo oilo ndi fyuluta ndimagula ndekha, malita pafupifupi 9, ndipo ndimaima pomwepo mpaka atseke. Masipeya ambili amachokela ku Johannesburg kapena ku Dubai, mtengo umatsata dola, kwacha ikagwa mabuleki anu akwela. Petulo ya m'zigubu za m'mbali mwa msewu musayelekeze, injini izi zimafuna octane yokwela, 95 kupita m'mwamba, ndiye thilani pa filling station yodalilika ndipo musadikile kuti thanki ifike pansi, ndi ya malita 66 chabe ndipo mukamaponda imatsika mukuiona. A ZRA nawo powelengela duty amayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye funsani clearing agent akupatseni chiwelengelo chonse musanalipile ku Japan. Ikafika pa doko ku Dar es Salaam ikwezeni pa carrier, musalole dalaivala amene simumudziwa aiyendetse kudzela ku Nakonde mpaka kuno, mudzalandila galimoto yotopa kale. Ndipo mukamaliza zonsezi mutsale ndi ndalama yapadela yosakhudza bizinesi ya soya, yongodikila tsiku loipa. Ngati palibe yotsala dikilani chaka china achimwene, galimotozi sizikutha.

Chinthu chimodzi ndikupempheni ngati m'bale wanu. C63 ndi M3 zonse ziwili anazitseka pa makilomita 250 pa ola koma msewu wathu ndi wa anthu, pali a njinga atanyamula makala, ngolo zopanda nyali, mbuzi, ana a sukulu oyenda m'mbali mwa tala. Ine usiku sindiithamangitsa ngakhale pang'ono, ndipo pa ma trading centre ndimayenda ngati ndanyamula mazila, chifukwa mabuleki abwino bwanji sangabweze mwana amene wadumphila mumsewu.

Nditumizileni auction sheet, pepala la ku Japan lofotokoza mmene galimoto ilili, ya C63 ija pamodzi ndi nambala ya injini ndiione. Ndipo mukabwela ku Chipata Loweluka lililonse m'mawa mundiuze, ndikupatsani makiyi tipite mpaka ku Mtenguleni ndi kubwelako, mukwele nayo mahampu nokha, mudutse thilaki imodzi, kenako mukauze amayi kunyumba zimene mwasankha.