Timabuku ta makatuni ta ku San Francisco tija tinathera kuti?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake timabuku ta makatuni tosadutsa m'makampani akuluakulu tinatchuka ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kenako n'kuzilala. Ine ndimaona kuti nkhani yagona pa malo ogulitsira, osati pa luso la ojambulawo.

Mu 1954, phokoso lakuti makatuni akuwononga ana litafika ku Senate (nyumba ya malamulo ya ku America), makampani osindikiza makatuni anadziikira okha malamulo otchedwa Comics Code. Zolaula ayi, kunyoza apolisi ayi, chigawenga chizilangidwa pomaliza basi. Kabuku kopanda chidindo chawo ogulitsa ambiri sankakalandira.

Wojambula makatuni wina, Robert Crumb, anangolambalala zonsezo. Mu 1968 anatulutsa kabuku kotchedwa Zap Comix n'kumakagulitsa yekha mumsewu ku Haight-Ashbury, dera la ku San Francisco. Posakhalitsa kunabadwa timakampani ngati Rip Off Press mu 1969 ndi Last Gasp mu 1970, ndipo katundu wawo ankathera m'timashopu togulitsa mapositala ndi zida zosutira chamba, kumene palibe ankafunsa za chidindo. Chinanso chimene chinakopa ojambula n'chakuti ntchito inkakhalabe yawo. Kumbukirani kuti anyamata awiri amene anapanga Superman anamugulitsa madola 130 okha mu 1938, phindu lonse n'kumadya kampani.

Koma tisanamizane kuti zonse zinali zosiririka. Zina mwa zojambula za Crumb zimanyoza akazi ndi anthu akuda moti ine ndimangotseka buku. Trina Robbins ndi akazi anzake zinawakwana, nayamba kutulutsa zawozawo, monga Wimmen's Comix mu 1972.

Chimene chinathyola msana malondawa ndi chigamulo cha Khoti Lalikulu la ku America mu 1973 pa mlandu wa Miller v. California, chakuti dera lililonse liziyeza zolaula ndi muyeso wake. Mwini kashopu sakanalolera kumangidwa chifukwa cha kabuku ka masenti 50. Kenaka malamulo oletsa zida zosutira anatseketsa ambiri mwa mashopuwo, msika n'kuuma.

Ojambulawo sanasiye ntchito ayi. Art Spiegelman, yemwe anachokera m'gulu lomweli, anayambitsa magazini ya Raw ndi Françoise Mouly mu 1980, ndipo Maus, nkhani imene iye anajambula ya bambo ake opulumuka ku Auschwitz, msasa umene chipani cha Nazi chinkapherako Ayuda, inalandira mphoto ya Pulitzer mu 1992. Inu amene muli ku Joni, funani Bitterkomix ya Anton Kannemeyer ndi Conrad Botes, yomwe inayamba chaka chomwecho kuseka Mabunu anzawo m'chilankhulo chawo chomwe cha Afrikaans. Musakaiwerengere pamaso pa apongozi.