Achimwene a kandege aja, phiri lidikire kaye

Achimwene, mwalemba pagulu pano kuti kandege, masewera obetcha a pafoni aja, kakugwirani, mwapemphereredwa kawiri koma zikubwererabe, ndiye mukufuna kukasala ku phiri. Za masiku 21 osamwa madzi ku phiri la Bunda zija ziimitseni. Impso zikupherani kumeneko kandege kasanakupheni. Ndawerenga makomenti ali pamwambawa, ambiri ndi Amen ndi timoto, koma palibe wakufunsani kuti malipiro anu amalowa tsiku liti ndiponso foni imagona kuti usiku. Nkhondo yanu ili pamenepo. Pepani ndilemba mwaukali, nkhani imeneyi imandiwawa.

Zimayenda chonchi. Uthenga wa ku banki walowa masana. Tsiku lonse muli bwinobwino, mwaimbanso nyimbo ya Mulungu mu minibasi. Cha m'ma 11 usiku mayi a kunyumba agona, inu mwachepetsa kuwala kwa foni. Ganizo loyamba silibwera ndi nyanga, limangoti ndioneko mmene kakuulukira lero. Kenako K1,000 yokha. Kathawa musanatulutse ndalama, mwadyedwa. Mwaika K2,000 kuti mubweze, kenako K4,000, K8,000, K16,000, K32,000, K64,000. Phatikizani nokha: K127,000 yapita, ndipo nthawi yonseyo mumathamangitsa phindu la K1,000. Amene anakuphunzitsani zowirikiza kawiri uja sanakuuzeni masamu ake. Eni masewerawo sabisa, amanena okha kuti pa K100 iliyonse yobetchedwa, yobwerera kwa obetcha ndi pafupifupi K97. Ndiye kuti mwayi woti kandege kafike pa 2, pomwe ndalama yanu imawirikiza kawiri, sukwana theka, ndipo kudyedwa kasanu ndi kawiri motsatizana kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 100 oyesa njira imeneyi. Ulendo umodzi ndi masekondi ochepa chabe. Mukachezera usiku awiri atatu, zikupezani basi, mfiti ilipo kaya palibe.

Koma poipitsitsa si pamenepo ayi. Ndi 2 koloko ya m'bandakucha. Pakamwa pauma, manja akunjenjemera, khutu lili tcheru kuti mayi asatembenuke. Ya lendi yapita. Mwatenga ngongole ya pafoni, nayonso yapita mphindi zisanakwane khumi. Maso ayamba kuloza sutikesi momwe mayi akusungira ndalama za banki m'khonde. Ndipo mawu aja asintha. Satana amene amakunyengererani 11 koloko ndi yemweyo tsopano akukunenezani, n'chifukwa chake Chivumbulutso 12:10 chimamutcha woneneza abale. Akuti iwe munthu wakuba, upemphera ndi pakamwa pati? Bweza kaye ndalamayo, ukalape zinthu zili bwino, mkazi asadziwe. Bodza limene limapha anthu ndi limenelo, chifukwa ndi limene limakudzutsani m'mawa kupita kwa katapila. Kuluza K127,000 ndi bala. Kuibisa n'kuyamba kuithamangitsa ndiye kumataya njinga, puloti, ntchito ndi banja. Ena pa ola lomwelo limawafikira ganizo la chingwe. Likafika limenelo musalimbane nalo nokha mumdima, dzutsani munthu nthawi yomweyo, kaya ndi mayiwo kaya neba, mumuuze mawu ake enieni. Ngongole imakambidwa, maliro sakambidwa.

Tsono aneneri awa akumasulani kawiri n'kukuuzani kuti mwabwerera chifukwa mbewu, ndalama imene munapereka, inachepa. Mulungu awakhululukire, ine zikundivuta. Munthu wagwidwa ndi kubetcha, iwe ukumuuza kuti aike K20,000 pa guwa Mulungu am'bwezera kakhumi sabata isanathe. Kusiyana kwake ndi kandege kuli pati? Ndi kandege komweko kangovala suti. Ukumugulitsa kabotolo ka mafuta ali ndi ngongole ya lendi. Ukumuuza kuti azakhali ake akumudzi anamanga chuma chake, mayi wosauka amene sadziwa n'komwe kutsegula intaneti, mpaka abale kusiya kulankhulana pamaliro. Simoni wamatsenga atafuna kupatsa atumwi ndalama pa Machitidwe 8, Petro anamuuza kuti atayike nazo ndalama zakezo. Ndipo Yakobo 1:14-15 satchula azakhali. Amati munthu amakokedwa ndi chilakolako chake cha iye mwini, chilakolakocho chimatenga pakati, chimabala tchimo, tchimo likakula limabala imfa. Mimba imeneyo imatengedwa pa ndioneko paja, osati pa K64,000. Enanso ndi anyamata a m'magulu a WhatsApp ndi Telegram ogulitsa manambala akuti amadziwa pomwe kathawire. Akanadziwa bwenzi akukupemphani K5,000?

Mukufunsa chifukwa chimene zimabwererabe mutapemphereredwa. Werengani Mateyu 12:43-45. Mzimu woipa watuluka, wazungulira, wabwerera n'kupeza nyumba yosesedwa koma yopanda munthu, ndiye wakatenga anzake asanu ndi awiri. Inu munachoka pa guwa mukulira, koma akaunti ili yotsegula, banki ili yolumikizidwa ku Mpamba kapena Airtel Money, gulu la manambala lija mukadalimo, foni ikugonabe kumutu. Mwasesa n'kusiya chitseko pululu.

Onaninso ichi. Mdyerekezi tinauzidwa kumukaniza, Yakobo 4:7. Koma zilakolako sitinauzidwe kulimbana nazo, tinauzidwa kuthawa. Pa 1 Timoteo 6:9-11, pomwe Paulo akunena za ofuna kulemera amene amagwa m'msampha, mawu ake kwa Timoteo ndi akuti thawa zimenezi. Yosefe sanayambe kudzudzula ziwanda m'chipinda cha mkazi wa Potifara, anasiya malaya n'kuliyatsa liwiro. Anthu ambiri amatembenuza: amathawa mdyerekezi, n'kumafuna kuonetsa mphamvu pamaso pa foni 11 koloko usiku. Pamenepo simungapambane. Zokonza zimakonzedwa dzuwa likuswa mtengo, mutu uli bwino, pali munthu wina pambali.

Kufufuta app sikokwanira, kuibwezeretsa ndi mphindi ziwiri. Lemberani kampaniyo kuti itseke akaunti yanu ndipo isakuloleni kutsegulanso, muchite zimenezo kulikonse komwe munalembetsa, munthu wina akuona. Pitani ku banki akachotse zotumiza ndalama kuchokera ku akaunti kupita pafoni. Kandege kamafuna intaneti, choncho kwa miyezi itatu yoyamba gwirani foni ya mabatani, yaikuluyo isungidwe ndi wina. Ngati ntchito yanu siilola, foni izichoka m'manja mwanu 9 koloko usiku ndipo izigona kwina. Tsiku la malipiro lendi, fizi, ufa, mayunitsi a magetsi ndi thiransipoti ya mwezi zilipiridwe dzuwa lisanalowe, yotsala isagone m'foni mwanu, asunge mayi a kunyumba. Mpira wa kumapeto kwa sabata ndi anzanu obetcha aja usiyeni kaye, chifukwa ambiri amabwerera kudzera pa tikiti ya mpira ya K500, akuti iyi si kandege.

Pa zida za pa Aefeso 6 anthu amathamangira lupanga chifukwa limakoma pofuula. Choyamba kutchulidwa ndi lamba wa choonadi. Choonadi chake ndi pepala ndi cholembera: dzina la aliyense amene muli naye ngongole, ndalama yake, tsiku lobweza, chiwongoladzanja. Osachotsera. Pepala limenelo alione mayi a kunyumba, nambala yonse tsiku limodzi. Kuulula pang'onopang'ono, lero K50,000 mawa kwatulukiranso K200,000, ndi kumene kumathetsa mabanja, chifukwa ulendo uliwonse chikhulupiriro chimafanso kachiwiri. Akwiya, mwina apita kwawo masiku angapo. Asiyeni akwiye. Pobweza yambani ndi ya katapila popeza ndi imene imakula msanga, mupite ndi mkulu wa mpingo kapena ankhoswe mukakambirane zobweza pang'onopang'ono. Ngati munagwira ndalama ya gulu kapena ya mpingo, kaululeni musanagwidwe. Zakeyu sanathere pa kulandira Yesu, anatchula zobweza.

Chilakolako chikafika chimakwera ngati madzi a mumtsinje mvula ikagwa kumtunda, ndipo nthawi zambiri chimaphwa mphindi 20 kapena 30 zikadutsa ngati simunachidyetse. Ntchito yanu ndi kudutsa mphindi zimenezo basi. Dzukani pabedi, yatsani nyali, tulukani pakhonde, imbirani munthu amene munagwirizana naye kale kuti adzayankha ngakhale 1 koloko. Mukhale ndi mavesi atatu aafupi a pamtima, owanena mokweza. Ambuye Yesu m'chipululu anayankha katatu ndi mawu aafupi a m'buku la Deuteronomo, sanatsegule mtsutso. Tengani 1 Akorinto 10:13 wa njira yopulumukira, Miyambo 13:11 wa chuma chobwera mofulumira, ndi Ahebri 13:5 wa kukhutira ndi zimene muli nazo. Osatsegula Baibulo la pafoni nthawi imeneyo, chala chimadziwa njira yake. La pepala.

Za kusala kudya. Danieli pa chaputala 10 anatha masabata atatu osadya nyama, vinyo ndi zakudya zokoma, sanasiye madzi. Estere anaitanitsa kusala kosadya ndi kosamwa, koma masiku atatu okha. Thupi lopanda madzi kupitirira pamenepo, pa dzuwa la paphiri, impso zimayamba kufooka, mutu umasokonekera, ena amatsika atanyamulidwa. Ndipo kumbukirani kuti woyesa anafika kwa Yesu atamva njala. Munthu wanjala ndi wosagona ndiye wosavuta kugwetsa. Eliya atafooka mpaka kupempha imfa, mngelo anamupatsa mkate ndi madzi n'kumusiya agone. Salani tsiku limodzi pa sabata, 6 m'mawa mpaka 6 madzulo, mukumwa madzi, ndipo lisakhale tsiku la malipiro. Ngati muli ndi shuga, BP, zilonda za m'mimba kapena mukumwa ma ARV, funsani a chipatala kaye, mankhwala osasiya ngakhale mneneri atalumbira.

Komabe, ndanena zonsezi, ku phiri pitani ndithu. Tsiku limodzi, ndi botolo la madzi la malita awiri, ndi m'bale mmodzi, foni itsale. Musamve ngati ndikuti Satana kulibe, alipo, ndipo 1 Petro 5:8 sananame za mkango uja. Abusa anu a pa mpingo, amene amadziwa dzina la mkazi wanu ndipo safuna envelopu, akuikeni manja, palibe cholakwika. Ndati muulule, koma musaimirire kutsogolo kwa mpingo wonse Lamulungu likudzali kupereka umboni woti mwamasulidwa. Anthu awiri akwana, mayi ndi mkulu mmodzi wosunga pakamwa. Umboni udikire chaka. Ndipo ngakhale ndati ndalama asunge mayi, ngati mukudziwa kuti mukawaopseza kapena kuwanyengerera akupatsani, apatseni achimwene awo kapena mlongo wanu wouma mtima uja. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ogwidwa ndi zizolowezi zovuta kusiya komanso ovutika maganizo, kupita kumeneko si kuchepa chikhulupiriro.

Mukagwanso, pakuti ambiri amagwako kamodzi kawiri, lamulo ndi limodzi: yapitayo yapita, osaitsatira ndi kobiri lina, ndipo munthu wanu uja adziwe dzuwa lisanalowe tsiku lomwelo. Mutseke pomwe mwadutsirapo, kaya ndi foni ya mnzanu kaya ndi ejenti wa pa sitolo paja.

Malipiro a mwezi uno asanalowe, pepala lija likhale litalembedwa ndipo ku banki mukhale mutapitako. Mutiuze pagulu pompano mukatero, osatchula nambala.