Ndalama imagona masiku angati m'chigwa muno?

Achimwene, mwafunsa ngati nkhani yoti chuma chisamangokula osalekeza ili ndi ntchito kwa ife a ku Chikwawa ndi Nsanje, kapena ndi zokamba anthu okhuta a ku Ulaya. Mbali ina ndili nanu. Munthu wa ku Makhanga, amene madzi akasefukira amanyamula wodwala pa bwato, simungamuuze kuti chitukuko chakwana. Njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo inaduka ndi madzi mu 1997. Milatho tikuifuna, zipatala tikuzifuna, magetsi tikuwafuna.

Koma ine chimene chimandisowetsa tulo ndi china. Ndalama kuno zimalowa ndithu. Funso n'lakuti zimagona masiku angati zisanakwere phiri la pa Thabwa kupita ku Blantyre.

Taonani thonje. Timalima ife, kupopera ife, kutola ife dzuwa lili pamutu, kenako limakwera lole lili ndi njere zake. Ndalama tikalandira timakagula kaunjika. Chaka china kwathu tinapereka thonje pa ngongole kwa ogula ena, malipiro n'kubwera mvula itayamba kale, mbuzi titagulitsa kuti ana apite kusukulu. Chonsecho David Livingstone atadutsa muno mu 1859 anapeza Amang'anja akupota thonje ndi kuluka nsalu zawozawo. Sindikunena kuti tibwerere kumeneko ayi, ndikungokumbutsa kuti ntchito yotsatira kukolola inkachitikira konkuno. Chitowe n'chimodzimodzi: timagulitsa kwa mavenda pa sikelo yawo, n'kumagula mafuta ophikira a m'botolo. Ng'ombe za ku Ngabu zimakwera phiri zamoyo, chikopa ndi zonse.

Nzimbe za ku Nchalo zakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo mabanja ambiri aphunzitsa ana ndi malipiro a kumeneko. Zimenezo sitingakane. Komabe patha zaka zoposa 50 shuga akutuluka m'chigwa muno, ife tikadali pamzere wa chimanga cha thandizo. Doko la ku Nsanje analitsegula ndi chisangalalo chachikulu mu October 2010, mpaka lero sitima za katundu sitinazione. N'chifukwa chake ndikamva mawu oti "chachikulu" ndimayamba ndafunsa kuti mwini wake ndani. Alimi a ku Phata anaphatikiza minda yawo n'kupanga kopaletivi ya nzimbe, malo akadali awo, phindu amagawana. Apo pali nzeru, ngakhale wogula nzimbeyo ndi mmodzi yekha.

Ndiye pali madzi. Kusefukira kwa 2015, kenako anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Namondwe Ana anawononga damu la magetsi la ku Kapichira, dziko lonse n'kukhala mu mdima wa magetsi ozimazima kwa nthawi yoposa chaka. Apa m'pamene nkhani mwafunsayi imatikhudza kuposa azunguwo. Thumba lililonse la makala lolowa mumzinda limaoneka ngati bizinesi yayenda, koma phiri likayera dothi limatsikira mu Mwanza ndi mu Ruo, mitsinje n'kukwiririka ndi mchenga, madzi n'kulowa m'nyumba zathu. Wina wapindula kumtunda, ngongole tikulipira ife kumunsi.

Chimene chimatidzutsa madzi akaphwa mukuchidziwa: dimba. Mbatata, maungu, nyemba, chimanga cha m'chilimwe pa dothi limene mtsinje wasiya, popanda thumba la fetereza. Mapira ndi mchewere zimapirira kutentha kumene chimanga chimapserera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anali ndi mbewu yake ya mapira m'chikwatu ndi manyowa a m'khola anadandaula za sopo ndi mchere, koma munda unadzalidwa. Mlamba wa ku dambo la Elephant Marsh nawo ndi chuma, bola tisiye kuukokolola ndi maneti a udzudzu.

Ndisakunamizeni kuti zazing'ono zonse n'zabwino. Banki m'khonde ya amayi a kwathu inagwa nthawi ya Freddy, chifukwa onse anakongola kukaoda tomato ndi usipa, onse anakhudzidwa ndi madzi tsiku limodzi, panalibe woti abweze. Gulu likakhala la anthu ochita geni imodzi, okhala m'mbali mwa mtsinje umodzi, limafa pamodzi. Atayambiranso anasintha: ena mbuzi, ena kuwamba nsomba, ndipo mbewu amasunga kwa achibale a kumtunda. Panopa akukambirana zosonkherana makina ofinyira chitowe, kuti mafuta azigulitsidwa pa msika wa pafupi, zotsalira zake zizipita kwa ziweto. Pamenepo ndalama imodzi imadutsa m'manja mwa mlimi, wofinya, wowotcherera zitsulo makina akawonongeka, ndi mayi wokazinga zitumbuwa, isanaganize zokwera phiri.

Ngalande ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira ikubwera, ndipo madzi amenewo ndikuwafuna ngati wina aliyense. Koma inu amene mumakhala nawo pa misonkhano ya kwa amfumu, kafunseni izi poyera: pa munda wa kopaletivi, ndi gawo lanji limene lidzasiyidwe la chakudya? Ogula zokolola ndi angati? Ngalande ikadzadza mchenga adzakumba ndani, ndi ndalama za ndani? Nanga ng'ombe zizikadya kuti? Mukapeza mayankho mudzatilembere muno, chifukwa ine msonkhano wapitawu ndinali kumaliro ku Tengani.