Kodi mwana wonena kuti "borrow me" walakwa? Chikole chomwe chabisala m'liwu limeneli

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa Sitandade 6. Akuti atopa kulemba mizere yofiira pansi pa "borrow me your pen". Chaka ndi chaka ana atsopano amabwera ndi vuto lomwelo, ndipo ngakhale aphunzitsi anzawo amalankhula choncho pa nthawi ya tiyi. Funso lawo ndi lakuti: liwu loti borrow linachokera kuti, nanga n'chifukwa chiyani Azungu analisiyanitsa ndi lend?

Aphunzitsi, ana anuwo si mbuli ayi. Akungoganiza m'Chichewa, mmene ndimatha kunena kuti ndabwereka khasu kwa mnzanga, mawa n'kunenanso kuti ndamubwereka njinga, popanda wina wosokonezeka. Tikafuna kumveketsa timati kubwereketsa, kapena kukongola ndi kukongoza ikakhala nkhani ya ndalama, koma "ndibwerekeko" amatikwanira. Ndipo sitili tokha. M'Chijeremani borgen amagwira mbali zonse ziwiri, chimodzimodzinso leen m'Chiafirikanzi, n'chifukwa chake abale athu a ku Johannesburg amamva "borrow me" tsiku lililonse. Ngakhale ku America, m'madera a Minnesota ndi Wisconsin komwe kunakhazikika anthu ambiri ochokera ku Germany ndi ku Scandinavia, alipo amene amalankhula chimodzimodzi.

Koma chimene chimandikoka mtima ine ndi mbiri yake. M'Chingerezi cha zaka zoposa 1,000 zapitazo munali dzina loti borg, lolembedwanso borh, ndipo tanthauzo lake linali chikole. Chinkatha kukhala chinthu chimene wasiya m'manja mwa mwini ngongole, kapena munthu amene wavomera kukuimira. Mneni wake anali borgian. Choncho mutu wa nkhani sunali wakuti chinthu chikuchoka kwa yani kupita kwa yani. Unali wakuti ndani adzayankhe zinthu zikadzavuta. Mpaka lero Mdatchi akamachita lendi nyumba, ndalama yachikole imene amasiya amaitcha borg, ndipo kwa Mjeremani munthu wokuimira pa ngongole ndi Bürge.

Kuti muone kulemera kwa liwuli, tiyeni ku England wa nthawi ya mfumu Cnut, yemwe analamulira kuyambira 1016 mpaka 1035. Malamulo ake ankafuna kuti mwamuna aliyense amene si kapolo, akapitirira zaka 12, akhale m'kagulu ka anthu pafupifupi khumi oimirana. Mmodzi akapalamula n'kuthawa, otsalawo ankayenera kumufunafuna ndi kumubweretsa kubwalo, apo ayi chindapusa chinkagwera iwo. Aliyense anali borh wa mnzake. Ndikamawerenga zimenezi ndimakumbukira ankhoswe, amene banja likagwedezeka ndiwo amaitanidwa kudzayankha. Ndimakumbukiranso magulu a amayi otenga ngongole zing'onozing'ono, omwe mmodzi akalephera kubweza anzake amasonkherana mokwiya. Anormani, anthu ochokera ku France, atalanda dzikolo mu 1066 anaupitiriza mchitidwewu pansi pa dzina loti frankpledge. Mtsogoleri wa kagulu kotere ankatchedwa headborough, ndipo m'chigawo cha Kent ankati borsholder, kutanthauza mkulu wa oimirana.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa pali chotsalira china chimene chimandiseketsa. Ku Scotland kuli lamulo lotchedwa lawburrows, lomwe linakhazikitsidwa mu 1429 ndipo silinafafanizidwebe. Ngati ukuopa kuti munthu wina akuvulaza, ungathe kupempha khoti kuti limulamule kupereka chikole chotsimikiza kuti sakukhudza. Burrows ameneyo ndi borrow yemweyu, wangovala malaya ena.

M'zaka za m'ma 1300 ndi 1400 mneniyu ankatanthauzanso kuwombola. Munthu wogwidwa pa nkhondo kapena wotsekeredwa m'ndende ankatuluka wina akamuimira, ndipo olemba zachipembedzo ankagwiritsa ntchito liwu lomweli ponena za Khristu kuwombola anthu. Polumbira ankati "Saint George to borrow", ngati kunena kuti George Woyera ndiye chikole changa. Pang'onopang'ono matanthauzo onsewa anafota, n'kutsala limodzi lokha: kutenga chinthu cha mwini ndi lonjezo lodzabweza. Chikole chija chinaiwalika, moti lero Mngelezi amachita borrow ambulera popanda kusiya kanthu.

Lend ali ndi mtundu wake wosiyana. Anachokera ku mneni wakale lænan, ndipo d wakumapetoyo anachita kulowerera kuchokera ku mawonekedwe a mneniyo onena za zimene zinachitika kale. Mbale wake loan, kutanthauza ngongole, anabwera ndi anthu a ku Scandinavia, amene ankati lán. Choncho borrow ndi lend sanabadwe ngati mapasa oti wina ayang'ane kum'mawa wina kumadzulo. Anachokera kosiyana, anagawana ntchito m'kupita kwa nthawi, kenako masukulu ndi mabuku a galamala anadzakhoma mpandawo.

Kuli malo amodzi komwe borrow anadzetsa mkangano weniweni. Baibulo lachingerezi la King James la 1611, pa Eksodo 12:35, limati Aisiraeli anachita borrow zokometsera zasiliva ndi zagolide kwa Aigupto usiku wotuluka. Anthu anafunsa kwa zaka zambiri: ubwereka bwanji ukudziwa kuti subwerera, kodi kumeneko si kuba? Chonsecho liwu lachiheberi pamenepo limangotanthauza kupempha, ndipo pamene Chipangano Chakale chinakonzedwanso mu 1885 anaikapo asked.

Matanthauzo ena a masiku ano nawonso alibe kubweza kwenikweni. Inu nomwe pa masamu ochotsera mumauza ana kuti 2 kuchotsa 7 sizitheka, tibwereke 1 kwa mnzake wakumanzere. Akatswiri a zilankhulo amati mawu ngati sukulu, buku ndi supuni tinachita borrow ku Chingerezi, koma sindinamvepo kuti tsiku lobweza linapanganidwa. Omanga misewu nawo dzenje limene amakumbamo dothi ndi miyala amalitcha borrow pit, ndipo aliyense amene anaona maenje odzaza madzi m'mbali mwa msewu watsopano akudziwa kuti dothilo linapita ulendo wosabwerera.

Ndiye mzere wofiira uja mupitirize kapena ayi? Pitirizani, aphunzitsi, chifukwa wochonga mayeso a Sitandade 8 sadzafunsa za mfumu Cnut, ndipo kalata yofunsira ntchito yokhala ndi "borrow me" imachepetsa mwini wake. Koma ndikanakhala ine, ndikanasiya kuyambira pa kubwereka, poti mpamene pamaterera. Ndikanayambira pa kukongola ndi kukongoza, mawu amene mwana aliyense wotumidwa kukatenga sopo pa ngongole kuokala amawasiyanitsa bwino lomwe. Wokongola ndiye amachita borrow, wokongoza amachita lend. Mukatero muwafunse kuti pa cholembera chija wokongoza ndani.