Kabuku ka ulimi wa m'dimba kalankhule za Harare

FUNSO: Ndimagwira ntchito ya m'dimba ku Mount Pleasant, mu mzinda wa Harare. Ndalemba kabuku kothandiza anzathu a kumpingo kulima ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba, ndipo zina ndatenga m'mabuku akale a abwana anga. Amene ndawapatsa akuti n'kotalika, sakukamaliza. Ndakutumizirani kuti mundiuze zoti ndikonze. Wolima dimba, Mufakose.

YANKHO: Bambo, kabuku kanu ndakawerenga konse. Kutalika tikambirana, koma chimene chandidetsa nkhawa ndi pamene mwalemba kuti phwetekere afesedwe mu Malichi "kunja kukayamba kufunda". Amenewo ndi malangizo a ku England, kumene Malichi ndi mwezi wotuluka m'nyengo yozizira. Kuno mu Malichi mvula imakhala ikutsanzika, ndipo kutsogolo kuli Juni ndi Julayi. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, choncho m'madambo chisanu chimawaula phwetekere usiku umodzi wokha. Mabuku a abwanawo atsekeni. Lembani zimene manja anu akudziwa: kabichi, anyezi ndi repu m'nyengo yozizira, kangaude wofiira amene amavuta mu Seputembala ndi Okutobala, komanso mvula imene imayamba cha mu Novembala.

Dothi nalonso mwalitenga ngati ndi limodzi. Inu mumalima pa katondo wa ku Mount Pleasant amene amasunga madzi, pamene wowerenga wa ku Epworth kapena ku Chitungwiza ali pa mchenga umene umafuna manyowa ambiri ndi kuthirira pafupipafupi. Muuzeni zimenezo, ndipo musaiwale kuti ambiri madzi amachita kukatunga pa mjigo.

Pa feteleza, tchulani dzina limene lili pa thumba kuno: Compound D pobzala, AN (ammonium nitrate) pobereka. Muyezo ukhale wa chinthu chopezeka m'nyumba, monga kachitsekerero ka botolo pa phando kapena chidebe cha malita 20 pa bedi. Magalamu pa hekitala sathandiza mayi wa mabedi atatu. Mayina a ndiwo lembani awiriawiri, la Chichewa ndi la Chishona, monga mpiru ndi tsunga, chifukwa ana athu obadwira kuno akapita ku msika wa Mbare Musika amakafunsa tsunga.

Gawo la mankhwala ndi limene silifuna kungoganizira. Mwalemba kuti "thirani pang'ono". Pang'ono ndi bwanji? Koperani muyezo wa pa botolo, masiku oyenera kudikira musanathyole ndiwo, ndi tanthauzo la mitundu ya pa chizindikiro: wobiriwira ndi wochepa ululu, wapepo ndiye woopsa kwambiri. Onjezaninso mbozi yowononga phwetekere ya Tuta absoluta, imene inafika mu Zimbabwe mu 2016. M'mabuku akalewo simungaipeze.

Tsopano za kutalika. Tsamba limodzi likhale la mbewu imodzi, kuyambira kufesa, kuokera mpaka kukolola. Mawu oyamba ofotokoza ubwino wa ulimi achotseni, aliyense amadziwa kuti ndiwo n'zodula. Zilembo zikule, popeza ambiri adzawerengera pa foni kudzera pa WhatsApp. Zithunzi za maluwa a kunja zija zichoke, mujambule mabedi anu enieni, ngakhale tsamba lodyedwa ndi nsabwe. Mukamaliza, mupatseni mayi mmodzi wa kumpingo awerenge mokweza inu muli chete, ndipo paliponse pamene waima n'kufunsa mulembenso.