Amayi, shonen ndi shojo ndi mayina a magazini, si mpanda

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Inali yaitali, ndiye ndingotolamo mfundo. Mayiwa ali ndi ana awiri, mnyamata wa zaka 16 yemwe ali Fomu 3 ndi mtsikana wa zaka 14. Onse atengeka ndi makatuni a ku Japan aja amatchedwa anime. Anayamba ndi mnyamatayo, mlongo wake n'kutengera, ndipo pano amakanganirana foni. Tsiku lina mkangano utakula, mnyamatayo anauza amayi ake kuti, "Izitu ndi shonen, za anyamata. Uyu azikaonera shojo zake." Ndiye akufunsa: kodi n'kulakwa kuti mtsikana azionera za anyamata? Kodi makatuni si a ana a ku nazale? Ndipo poti tsiku lina anasuzumira n'kuona magazi ndi chinthu chooneka ngati chiwanda, achite mantha?

Zikomo amayi polemba. Ndiyambe ndi mawu a mwana wanu, chifukwa wanena zoona theka lokha.

M'Chijapanizi, shonen ndi mnyamata, shojo ndi mtsikana. Mpaka apo akulondola. Koma mayina amenewa sanayambire pa TV. Anime zambiri zimayamba ngati manga, nkhani zojambula papepala, ndipo ku Japan nkhanizi zimatuluka kaye m'magazini onenepa, a pepala lotchipa, ena sabata iliyonse, ena mwezi ndi mwezi. Magazini imodzi imanyamula nkhani zambirimbiri, iliyonse kagawo kake. Yotchuka kwambiri ndi Weekly Shonen Jump ya kampani ya Shueisha, yomwe inayamba mu 1968. Itafika pachimake cha m'ma 1995, inkasindikizidwa makope opitirira 6 miliyoni sabata imodzi. Dragon Ball, One Piece ndi Naruto zonse zinabadwira mmenemo. Atsikana nawonso ali ndi awo, monga Nakayoshi, Ribon ndi Hana to Yume. Nkhani ikatuluka m'magazini ya anyamata imatchedwa shonen, ikatuluka m'ya atsikana imatchedwa shojo, ndipo dzinalo limaitsatira ngakhale ikasanduka anime. Palinso seinen ndi josei, za amuna ndi akazi achikulire, koma zimenezo tizisiye kaye.

Choncho dzinali likungonena za amene wosindikiza ankafuna kuti atulutse ndalama m'thumba. Zili ngati wogulitsa kaunjika amene waunjika milu iwiri, uwu wa abambo, uwu wa amayi. Juzi likakhala labwino, amene wayamba kuliona ndiye amatola, ndipo wogulitsayo samukaniza. Ku Japan komweko atsikana ndi amayi ambiri amawerenga Jump, ndipo palibe amene amadabwa.

Mukafuna kumugwetsa mphwayi mnyamata wanuyo, mumufunse ngati akudziwa amene analemba Fullmetal Alchemist. Ndi imodzi mwa shonen zolemekezeka kwambiri, ndipo anailemba ndi kuijambula ndi mayi, Hiromu Arakawa, amene anakulira pa famu ya ng'ombe zamkaka ku Hokkaido. Inuyasha ndi Ranma ½ nazonso ndi za mayi, Rumiko Takahashi. Ngati akazi akulemba, mlongo wake angalephere bwanji kuonera?

Tsono n'chiyani chimawakoka ana athuwa? Jump imadziwika ndi mawu atatu: ubwenzi, khama, chipambano. Nkhani zake zambiri zimayenda njira yomweyo. Mwana wonyozeka, kawirikawiri wamasiye kapena wosalidwa, amafuna chinthu chachikulu, amagonja, amakaphunzira kwa mphunzitsi wovuta, amapeza anzake, n'kubwereranso. Naruto ndi mwana amene mudzi wonse umamuthawa, koma iye akulumbira kuti adzakhala mtsogoleri wa mudziwo. Mwana wa sekondale amene amaona ngati palibe womumvetsa amadziona mmenemo msanga. Ndipo si zonse zili za nkhonya. Haikyu!! ndi nkhani ya timu ya volebo ya pa sekondale, palibe amene amafa, koma mtima umathamanga ngati ukuonera fainolo. Captain Tsubasa ya mu 1981 ndi ya mpira wamiyendo.

Chinanso chimene chimazipangitsa kukhala zomata chonchi ndi mmene magaziniyo imayendetsera zinthu. Owerenga amavotera nkhani zimene zawasangalatsa, ndipo yotsalira m'mbuyo kwa nthawi imadulidwa, ngakhale ili pakati. Wolemba amadziwa kuti sabata iliyonse ayenera kusiya owerenga ali pakamwa yasa. Ndiye mukamva mwana akuti "gawo limodzi lokha, amayi," dziwani kuti sakunama mwadala. Chinthucho chinapangidwa kuti asathe kuima.

Ndikuuzeni za Demon Slayer, chifukwa ndikuganiza kuti n'kutheka ndi imene munasuzumira ija. Ine ndinaionera koyamba ndi mwana wa achemwali anga, magetsi atazima, foni titaitsamiritsa ku fulasiki pa tebulo. Ndinakhala pansi ndi mtima wofuna kuseka. Gawo loyamba likuyamba, ndikuona mnyamata, Tanjiro, wanyamula dengu la makala kumsana, akutsika phiri kukagulitsa m'tauni kuti amayi ake ndi abale ake apeze chakudya, bambo ake atamwalira kale. Kuja kwamudera, wagona kwa munthu wina m'njira. Pobwerera m'mawa akupeza banja lonse laphedwa, watsala mlongo wake yekha, Nezuko, nayenso wasandulika chilombo. Ndinangozindikira kuti ndasendera pafupi ndi foni. Mwana uja anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amalume, si munkati ndi zidole?" Nkhani yonseyo, ukachotsa malupanga, ndi ya mnyamata wogulitsa makala amene wabereka mlongo wake m'bokosi kumsana, akukana kumutaya ngakhale aliyense akuti aphedwe. Filimu yake ya mu 2020, Mugen Train, inapeza ndalama zambiri ku Japan kuposa filimu ina iliyonse m'mbuyomo. Ana a ku nazale okha sakanaifikitsa pamenepo.

Za ziwanda, sindine abusa anu, ndipo m'nyumba mwanu mwini wake ndinu. Chimene ndinganene n'chakuti zilombo zimenezi Ajapanizi amazitcha oni, ndipo zinachokera m'nthano zawo zakale, monga mmene nthano zathu zilili ndi zimphona ndi zilombo zomeza anthu. Mu Demon Slayer zilombozo ndi adani, ndipo kale zinali anthu. Tanjiro amazipha, koma nthawi zambiri amazimveranso chisoni akadziwa chimene chinazifikitsa pamenepo. Mukaonera nokha n'kuona kuti chikumbumtima chanu sichikulola, auzeni anawo chifukwa chake momveka. Kungolanda foni osafotokoza kumangowaphunzitsa kuonera m'bulangete.

Tibwere ku shojo. Anthu ambiri, makamaka anyamata a msinkhu wa mwana wanu, amaganiza kuti ndi maluwa ndi kutsinzinirana basi. Zachikondi zilimo ndithu, ndipo zina n'zofatsa bwino, monga Kimi ni Todoke, ya mtsikana wamanyazi amene anzake a m'kalasi amamuopa popanda chifukwa. Koma Sailor Moon ya Naoko Takeuchi, imene inafika pa TV mu 1992, ndi ya atsikana omenya nkhondo. Kusiyana kwenikweni, m'kuona kwanga, n'kwakuti shonen imafunsa kuti apambana ndani, pamene shojo imachedwa pa zimene munthu akumva mumtima ndi zimene akulephera kunena.

Imene ndimaikonda kuposa zonse ndi Fruits Basket ya Natsuki Takaya. Poyamba imaoneka yachibwana. Mtsikana wamasiye, Tohru, akugona m'tenti amayi ake atamwalira pa ngozi ya galimoto, masana sukulu, madzulo ganyu yokolopa m'maofesi. Amakakhala kwa banja lina lotembereredwa, limene ena mwa iwo amasanduka nyama akakumbatiridwa ndi munthu wosiyana naye ziwalo, wina mphaka, wina khoswe, wina galu. Umaseka magawo oyambirira. Kenako pang'onopang'ono umazindikira kuti nkhani yake ndi ya nkhanza za m'banja, ya ana okanidwa ndi makolo awo, ya mtsogoleri wa banja amene aliyense amamuopa koma palibe angamutsutse. Ndani wa ife sadziwa banja lotere? Anime yake anaipanganso kachiwiri kuyambira 2019 mpaka 2021, magawo 63, ndipo ndi imeneyo ndingakulangizeni.

Apa ndiye pali chenjezo langa lenileni, amayi. Dzina lakuti shonen kapena shojo silikuuzani ngati chinthucho n'choyenera mwana wa zaka 14. Attack on Titan ndi shonen, koma muli zimphona zotafuna anthu amoyo, ndipo kutsogolo kwake muli nkhani za kupulula mitundu. Chainsaw Man inatuluka mu Jump momwemo, koma ine mwana wa Fomu 1 sindingamupatse. Death Note ndi ya mnyamata wanzeru amene amadziika pa mpando wa Mulungu n'kumapha anthu polemba mayina awo m'kope. Wa zaka 16 angaionere, koma ndi yofunika kukambirana pambuyo pake. Kumbali inayo, Banana Fish ndi shojo, koma nkhani yake ndi ya magulu a zigawenga ku New York, mankhwala osokoneza bongo ndi kugwiriridwa kwa ana. Munthu wongodalira dzina angapatse mwana wake wamkazi imeneyo n'kumuletsa Haikyu!!, zomwe zingakhale zozondoka.

Ndipo kunena zoona, magazi si amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Mwana amadziwa kuti lupanga lotulutsa madzi kulibe. Chimene chimandinyansa m'shonen zambiri ndi mmene amajambulira akazi, zovala zosakwanira ndi kamera yokakamira pamene siyenera, komanso nthabwala za nkhalamba zosuzumira atsikana ngati kuti n'zoseketsa. Ngakhale Dragon Ball ndi Naruto zomwe ndimazikondazo sizinapulumuke pamenepa. Shojo nayo ili ndi matenda ake: m'nkhani zina mnyamata wansanje, wolamula, wokoka mtsikana pamkono amaonetsedwa ngati ndiye wachikondi chenicheni. Zimenezi ndizo zimalowa mwakachetechete. Mukaona zotere musazimitse, ingofunsani, "Iwe, mnyamata atakuchita chonchi ungamve bwanji?" Mudzadabwa zimene mwana wa zaka 14 amaganiza kale.

Pa Netflix ndi Crunchyroll, malo a pa intaneti oonerako mafilimu, amalemba msinkhu woyenera. Koma tisanamizane, ana athu ambiri sadutsa kumeneko, bandulo yake ikanachokera kuti? Amapatsana pa fulashi ndi pa memori khadi, ndipo zimenezo zimabwera zopanda chizindikiro chilichonse. Ndiye afunseni dzina la chimene akuonera, mulilembe pa intaneti pamodzi ndi mawu akuti age rating. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri.

Mdani wina amene simunamutchule m'kalata yanu ndi nthawi. Gawo limodzi ndi mphindi pafupifupi 23. Naruto ili ndi magawo 220, kenako Naruto Shippuden 500, onse pamodzi 720. Mukawerengetsa ndi maola 276, masiku 11 ndi theka osagona osadya. One Piece inayamba pa TV mu 1999 ndipo inadutsa gawo la 1,000 mu 2021. Choipa china, mu Naruto muli magawo ambirimbiri amene oonera amawatcha filler, nkhani zongodzazira malo zimene opanga ankapeka podikira kuti wolemba manga apite patsogolo. Ine ndinataya holide yathunthu pa zimenezo ndipo mpaka lero zimandiwawa. Mnyamata amene MSCE ikumudikira chaka chamawa asayambe One Piece pano. Nyanja imeneyo siithawa, adzaipeza akalemba mayeso. Pali zina zimene sizoni yake ndi magawo 12 kapena 13 okha, zimenezo ndiye za pakati pa teremu.

Mukafuna yoti muonere nonse atatu, yambani ndi Spy x Family, ya kazitape amene akupanga banja lonamizira osadziwa kuti mkazi wakeyo ndi wopha anthu pa ganyu ndipo kamwana kamene watengako kamamva zimene anthu akuganiza. Muli kuombana pang'ono, koma kwambiri ndi nthabwala, ndipo kamwanako kakusekesani. Kenako Fullmetal Alchemist: Brotherhood, magawo 64, ya anyamata awiri apachibale amene anayesa kuukitsa amayi awo n'kulipira mtengo woopsa. Ndikuchenjezeretu za gawo 4. Sindikuuzani zimene zimachitika, koma musalionere mukudya, ndipo mtsikanayo mukhale naye pafupi.

Mnyamata wanu uja mumupatse Fruits Basket, koma musamuuze kuti ndi shojo. Ine ndinatero ndi mwana wa achemwali anga yemwe uja. Anadandaula magawo atatu oyamba, akuti amalume izi n'zachikazi, ndiikireni za ndewu. Patapita masiku ndinamupeza pakhonde, mahedifoni m'makutu, maso ali psuu, akupukuta mphuno ndi kolala ya yunifomu. Nditamufunsa anati ndi utsi wa mbaula. Mbaula tsiku limenelo inali isanayatsidwe.